Nyemba za ku Chipoka

Mipope yauma kuno ku Kawale, ndiye mpongozi wanga waphika nyemba ndi madzi a pachitsime. Zakana kupsa. Ndadya osadandaula.

Ndili mwana tinasamukira ku Chipoka, m'nyumba ya mpope pakhomo. Amayi ankatereka nyemba m'mawa, nkhuni n'kutha, maso ali psuu ndi utsi, koma nyembazo zili gwa.

"Mkazi wanji wolephera nyemba?" anatero abambo, akukankha mbale. "Kaphunzireni kwanu ku Dedza."

Tinapitadi, ine ndi amayi. Kumeneko zinkafewa bwinobwino, ndiye ndinkaganiza kuti nyemba zimaopa abambo ngati ine.

Vuto linali madzi amcheremchere a mpope uja. Akazi a ku Chipoka ankathiramo chidulo, koma palibe anawauza amayi. Abambo sanabwere kudzatitenga.