Phala la Chinangwa pa Satifiketi ya Atate

Mpaka lero ndimakaonabe kachilombo kaja: kotuwa ngati phulusa koma konyezimira, kotalikirapo pang'ono kuposa njere ya mpunga, tindevu tiwiri kutsogolo, timichira titatu kumbuyo, kakuthamanga pa satifiketi ya atate n'kukalowa pakona ya bokosi lachitsulo. Kwathu tizilombo totere tinkangoti njenjete, ngakhale tilibe mapiko. Chinali chaka cha mvula yambiri ku Kasenengwa, kumene atate ankaphunzitsa. Nyumba yasukulu imene tinkakhalamo inkadontha, makoma ankachita thukuta, ndipo mabulangete, mabuku, ngakhale mchere, zonse zinkanunkha chinyontho. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili ndi mlandu umene sindinauze munthu.

Mlanduwo unayamba m'chilimwe, makolo atapita kumaliro ku Chipangali. Atate ankakonda kunena kuti pepala la m'bokosi lija ndilo khasu lathu, ndipo ine, mtsikana wosamva, ndinafuna kuliona khasulo. Polisolola mu envulopu linang'ambika pakati, podutsa pa dzina lawo penipeni. Ndinaphika kaphala ka ufa wa chinangwa m'chitini, monga tinkachitira pomata mabuku kusukulu, ndinang'amba kapepala m'kope langa la masamu, n'kumata kumbuyo kwake. Chigambacho chitauma sichinkaoneka n'komwe. Ndinadziona wochenjera zedi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mvula itakhazikika ndinayamba kusuzumira m'bokosimo amayi akapita kudimba, ndipo nthawi iliyonse ndikatsegula, tizilombo tija tinkabalalika kuthawa kuwala. Tinali tikusenga pepalalo pang'onopang'ono motsatira pamene ndinamata, n'kusiya mawanga achikasu ndi timitosi takuda ngati tsabola. Ndinafunsa mnzanga wina tikusewera phada, ngati ndikungocheza, ndipo anandiuza motsimikiza kuti njenjete zimalowa m'khutu n'kudya ubongo, komanso kuti zikadya dzina la munthu, mwiniwakeyo samaliza chaka. Ndinayamba kuyenda ndi thonje m'makutu. Atate akatsokomola fumbi la choko, ndinkati imfa ija yayambika. Tsiku lina ndinaphwanya kachilombo kamodzi ndi chala, kanasiya fumbi lonyezimira, ndipo ndinatsuka chalacho ndi phulusa mpaka chinasupuka. Nsima inkandikanika, amayi n'kumandimwetsa mankhwala a njoka zam'mimba.

Kenako kunabwera kalata: aphunzitsi ofuna uhedimasitala apite ku Chipata ndi mapepala awo enieni. Loweruka lake dzuwa linatuluka, ndipo amayi, amene ukali wawo unkadziwika mpaka kutsidya kwa dambo, anakokera bokosi lija pabwalo. Ine ndinali ndikusesa chapafupi. Anasolola satifiketi ija. Dzina la atate linalibepo. Panali mng'alu woongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anati njenjete amazidziwa kuyambira ali mwana, koma sanaonepo zodya mowongoka ngati zili ndi rula. Anatembenuza pepalalo, naona zotsala za chigamba chija, nafunsa motsitsa mawu kuti wachita izi ndani. Tsache linandipulumuka. Atate, amene anali pomwepo, analandira pepalalo, analikanda ndi chikhadabo, analinunkhiza, kenako anayang'anitsitsa manambala a pensulo amene anatsala pachigambapo. Zolemba zanga ankazidziwa. Anandiphunzitsa kugwira pensulo ndi iwowo. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Ndine, amake Yamikani," anatero, kutchula dzina la achimwene. "Linang'ambika, ndiye ndinalimata ndi phala. Ndinaiwala kuti tizilomboti timakonda phala kuposa pepala."

Amayi anawakalipira tsiku lonse, kuti munthu wophunzitsa ana a eni ake angadyetse bwanji khasu lake kwa njenjete. Uku akukalipa, uku akugwira ntchito. Zovala ndi mabuku anaziyanika padzuwa, bokosi analipukuta mpaka m'makona, analikweza panjerwa kutali ndi khoma, naikamo masamba ouma a fodya ndi timibulu toyera tonunkha tija ta m'sitolo. Atate anakwera padenga kukatseka podontha. Atatsika anandichotsa thonje m'makutu, nandiuza kuti njenjete siziluma, sizipatsa matenda, sizipha munthu. Zimangofuna mdima, chinyontho ndi chakudya, ukazimana zimenezi zimasamuka zokha. Za phala sanatchule.

Lolemba anapalasa njinga kupita ku Chipata, ndipo anauzidwa kuti aitanitse pepala lina ku Lusaka. Linafika udindo utapatsidwa kale kwa wina. Mwayi wotere sunabwerenso, ndipo atate anapuma ntchito akadali ndi choko m'manja, m'kalasi yomweyo ya ana aang'ono.

Lero mapepala anga amakhala m'pulasitiki, pamalo ouma, ndipo ana anga akaona njenjete kubafa n'kukuwa, ndimawauza kuti n'kachilombo kopanda vuto. Sindinama, koma ndimadziwanso zimene kangadye ukakaphikira wekha. Ndinadikira zaka zambiri kuti atate aiyambe nkhaniyi kuti ndipepese, iwo sanaiyambe, ndipo tinawaika m'manda ndisanatsegule pakamwa. Zimandiwawa, ndipo ndimachita nazo manyazi. Amayi akadali moyo. Alendo akabwera amakonda kuwaseketsa ndi nkhani ya mwamuna wawo wophunzira amene anaphikira njenjete phala, ndipo ine, mayi wa ana atatu, ndimakhala pomwepo ndikuthira tiyi, kuopa kuti tsiku lina adzandiyang'ana n'kufunsanso kuti anachita zija ndani.