Mbiya ya Mowa wa Chiliza

Kwathu ku Chisepo mowa sunkaloledwa ngakhale kudutsa pabwalo. Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo mlendo akabwera akununkha masese ankamuikira mpando kutali, pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinakula ndikudziwa thobwa lokha, lija lomwa lisanagone. Nditakwatiwa n'kupita chitengwa kumapiri a ku Ntchisi, kumunsi kwa Kasakula, ndinapeza anthu amene mowa ndi mbale wawo. Pamaliro ulipo, paukwati ulipo, ngakhale pofolera denga.

Apongozi anga aamuna anamwalira ndi kolera nthawi ya dzinja. Tinawadwazika awiri, ine ndi apongozi aakazi, ndipo zimene maso anga anaona masiku amenewo sindifuna kuzilemba. Madzi a m'nyumba ya odwalayo tinkasunga mu mbiya yaikulu yakuda imene kale inali yofululira mowa. Tinkatungamo ndi manja omwewo amene tinkagwirira wodwala. Maliro atatha, mbiyayo anaivundikira kuseri kwa nkhokwe, ndipo palibe anaikhudzanso.

Chaka chotsatira, titakolola, abale anagwirizana zomanga chiliza pamanda a malemuwo. Chiliza chopanda mowa kumeneko sachiwerengera. Apongozi anandiitana ali pamphasa, akutikita bondo lawo lovuta lija.

"Inu a ku Chisepo," ndi mmene ankandiitanira, "mowa mufulula ndinu."

Ndinaseka poyesa nthabwala. Iwo sanaseke.

"Anzanuwa amuna awo ali m'nyumba. Anu ali ku Joni. Wozizira pamudzi pano ndinu nokha."

Kumeneko amati wofulula mowa wa mwambo asayandikire mwamuna mpaka mowawo utapsa, ndipo akaphwanya, mowa umakana kuwira kapena umasasa. Mwamuna wanga anachoka mvula isanagwe. Mowa ukanakana m'manja mwanga, mudzi wonse ukanafunsa funso limodzi lokha, loti ndinali ndi yani. Mlamu wanga wamkazi anali atayamba kale kunena kuti ndimakonda kukwera njinga yamoto ya munthu mmodzi yemweyo popita kumsika. Wakabaza wa njinga yamoto pamudzipo anali mmodzi yekhayo, koma miseche siifunsa zimenezo.

Ntchito inayamba ndi kutsuka. Mgolo wophikiramo ndinauwotcha mkati ndi udzu, n'kuukwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka zala zinasupuka. Mthiko waukulu, zipanda zomwera ndi khuntho losefera ndinazithira madzi owira n'kuziyanika pathandala. Zonsezi zinali zosavuta, ntchito ya manja chabe. Kenako apongozi analoza ndi chibwano kuseri kwa nkhokwe.

"Ija muitsukuluze ndi madzi okha, muifukize ndi zitsononkho. Mbiya ya mowa sailowetsa sopo. Mphamvu yake imakhala m'dothimo, mukaichotsa ndiye mwaipha."

Ndinaivundukula ndekha. Munatuluka nalimata ndi fungo la chinyontho, ndipo nthawi yomweyo ndinaona nyumba ya odwala ija ngati ndi dzulo. Ndinakhala pansi. Ndinaganiza za anthu amene adzabwere kuchiliza, a m'midzi yonse ya kutsidya, azimayi obereka ana, madoda opatsirana chipanda pakamwa ndi pakamwa. Mwina matenda sakhala mu mbiya chaka chathunthu. Ine sindine dokotala, sindinkadziwa. Ndinkangodziwa kuti ndikamvera apongozi sindigona tulo poopa maliro, ndipo ndikapanda kuwamvera sindigona tulo poopa dzina langa. Kunali kusankha pakati pa moto ndi madzi owira.

M'nyumba mwanga munali kabotolo ka kolorini kamene alangizi a zaumoyo anatigawira nthawi ya matenda ija. Masana ena, anthu atapita kudambo kukatuta mchenga wa chiliza, ndinagubuduza mbiya ija kuseri kwa bafa. Ndinathiramo mankhwalawo, ndinakwecha ndi chiguduli mpaka mkono wonse kulowa, ndinatsukuluza mobwerezabwereza, kenako madzi owira. Ndinaifukiza ndi zitsononkho monga anandiuzira, koma utsi wake unali wobisira mlandu basi. Ndikalowetsa mutu ndinkamvabe kafungo ka kuchipatala.

Kufulula kwenikweniko anatsogolera ndi apongozi, ali pamphasa pawo, ine ndili pamoto. Phala la mowalo ndinalitakasa mpaka msana kuuma. Litazizira tinathira chimera, tinaligoneka, tinaliphikanso, tinathiranso chimera, kenako tinatsanulira mu mbiya n'kuvundikira ndi lichero.

"Mawa mudzaimva ikulankhula," anatero.

M'mawa mwake ndinathamangira kukhitchini ndisanasambe m'maso. Ndinagunditsa khutu pamimba pa mbiya. Zii. Ndinavundukula lichero, ndipo pamwamba panali bata, popanda ngakhale kathovu kamodzi. Kunja nkhungu inali itaphimba mapiri, chisanu chija cholowa m'mafupa, ndiye ndinadzitonthoza kuti ndi kuzizira. Tsiku lonselo ndinkangolowa ndi kutuluka m'khitchinimo ngati nkhuku yofuna kuikira. Chakudya chinandikanika. Ndinapemphera, ine mwana wa mkulu wa mpingo, kupempherera mowa kuti uwire, ndipo ndinachita manyazi ndi pemphero langa lomwe.

Kutachanso, mbiya inali chete. Azimayi anayamba kubwera, wina akuti akufuna moto, wina akuti akubwereka chipande, koma aliyense maso ali palichero. Mlamu wanga anavundukula yekha, anaviika chala n'kulawa.

"Thobwa la kumpingo ili," anatero. Anzake anaseka. Iye anapukuta chalacho pachitenje. "Kaya, mwina njinga zamotozi zimatenthetsa anthu."

Ndikanatha kunena za kolorini, koma ndani akanandikhulupirira? Akanati ndapeka chodzikanira. Komanso kunena zimenezo kunali ngati kuuza apongozi pamaso pa anthu kuti mbiya yawo ndi imene inapha amuna awo. Ndinangoima ndi mthiko m'manja, ndikuganiza kuti foni imafika ku Joni msanga kuposa basi, ndi kuti dzuwa likamalowa mwamuna wanga adzakhala atamva kale.

Apongozi analowa akutsimphina. Anagwada movutika pambali pa mbiya, anaweramitsa mutu n'kununkhiza, osati mowawo, koma dothi la kukamwa kwa mbiya. Ananunkhiza nthawi yaitali. Atadzuka sanandiyang'ane, anayang'ana mwana wawo, mlamu wanga uja.

"Mbiyayi ndinaitsuka ndine ndi mankhwala a kuchipatala. Ndi yanga. Amene ali ndi mawu alankhule ndi ine."

Wofuna moto uja anatuluka wopanda moto.

Apongozi anandiuza kuti nditenge chipanda chachikulu ndiwatsate. Kuseri kwa phiri kunali mnzawo wofulula mowa wogulitsa, ndipo ankafuna akapemphe wowira kale kuti tidzadzutsire wathu. Njira yake ndi yokwera, yamiyala, ndipo ndi bondo lija tinkayenda pang'onopang'ono. Tinadutsa minda ya fodya yongotsala mapesi. Ine ndinkadikira kukalipiridwa. Titafika pamtunda anaima kuti apume.

"Munatsukuluza bwino?"

"Eya, amayi."

"Ndi madzi owira omwe?"

"Eya."

Anagwedeza mutu, maso ali kumanda kumene anyamata ankaunjika njerwa.

"Ine chaka chonsechi ndikamadutsa kuseri kwa nkhokwe ndimayang'ana kumbali. Ndinakuuzani lamulo limene anandiuza amayi anga, chifukwa lina sindilidziwa. Koma mumtima ndinkati, mwana wa kumpingoyu ndi wamakani, mwina sandimvera."

Misozi inali pafupi, ndipo kulira pamaso pa apongozi ndinali ndisanazolowere.

Titabwerako, tinathira mowa wopempha uja mu mbiya, tinaikulunga ndi masaka akale a fodya n'kuisendeza pafupi ndi makala. Mantha sanathe. Chiliza chinali pafupi, alendo ena anali atafika kale, ndipo mbiya ikanakhalabe chete, bodza la apongozi silikanandiphimba kawiri. Ndinasesa pabwalo posesa kale. Chakumadzulo, ng'ombe zikubwerera, ndinamva kaphokoso kuchokera m'khitchini, ngati mvula yoyamba ikugwa pamasamba ouma. Ndinavundukula lichero, ndipo thovu linali likukwera. Ndinangokhala paphulusa pomwepo.

Sindinama, mowawo sunali wa dzina. Madoda anati ndi wofatsa ngati mwini wake, ena anati ukufunika ubatizo wachiwiri. Koma zipanda zinkabwerera zopanda kanthu, ndipo patapita masiku palibe amene tinamva kuti wadwala.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi m'mawa wa tsiku la chiliza, anthu asanayambe kumwa. Apongozi anakana kuti wina awatungire. Anapita okha pambiya, anamiza chipanda, n'kuima nacho m'manja kanthawi. Kenako anatseka maso n'kumwa mpaka pansi. Chimwalirire amuna awo, aka kanali koyamba kuti amwe chochokera mu mbiya ija.