Mfuti ya azakhali ku chionetsero cha sayansi

Chaka chimene ndinali mu Sitandade 8 ndinkakhala ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, pamudzi wina kuseri kwa Santhe, pamene minda ya chimanga imathera n'kuyamba mizere italiitali ya fodya wa pa esiteti. Azakhali anali mayi wamasiye, wamfupi, wosaseka wamba, ndipo ankatcheza kachasu. Kachasu anali woletsedwa, koma panalibe wokanena kupolisi, chifukwa amene akanakanenawo ndi omwe ankabwera Loweruka ndi mabotolo m'matumba a jekete.

Zipangizo zawo zinali zitatu basi. Panali mtsuko waukulu wakuda ndi mwaye, momwe ankathiramo madeya owira ndi shuga. Panali kabwato kosema kothiramo madzi ozizira. Ndiye panali chitsulo chabowo lotulukira mbali zonse ziwiri, chodulidwa ku felemu ya njinga, chimene chinkachokera kukamwa kwa mtsuko, kudutsa m'kabwato, n'kukathera pabotolo. Chitsulo chimenechi aliyense kwathu amachitcha mfuti. Ine ntchito yanga inali kusintha madzi m'kabwato akafunda, ndipo ndinkaigwira monyinyirika.

Aphunzitsi athu a sayansi anali mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale dzuwa la Okutobala, amene ankanyadira kuti chibadwire mowa sunakhudzepo lilime lawo. Tsiku lina analowa m'kalasi ndi kalata yochokera kuboma. Kunali chionetsero cha sayansi cha masukulu a m'boma lonse la Kasungu, ndipo sukulu yathu inkayenera kutumiza ana ndi chinthu chopanga okha.

"Musandibweretsere galimoto zamawaya," anatero. "Pezani vuto la kwanu konkuno, mulithetse ndi sayansi."

Anyamata analanda mabatire ndi mababu onse a m'kabati. Ine ndi mnzanga wa pabenchi imodzi, mwana wa dalaivala wa thirakitala ya pa esiteti, tinatsala manja ali m'khosi. Mnzangayu anali wanzeru, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Chimene wachiganiza, chatuluka kale.

Sabata yomweyo aphunzitsi anajambula pabolodi njira yochotsera mchere m'madzi. Mjigo wa pasukulu pathu unkatulutsa madzi amchere oti sopo sachita thovu, ndiye nkhaniyo inkatikhudza. Anajambula botolo lagalasi pamoto, kapaipi kodutsa m'madzi ozizira, ndi madontho akugwera m'kapu. Anati zipangizo zoterezi n'zodula, zimapezeka kusekondale kokha. Ine ndinayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ananso, kenako ndinamugwedeza mnzanga ndi chigongono.

"Iwe, izitu zili kuseri kwa khitchini kwathu."

Mwayi unabwera kudzera m'maliro. Kunamwalira wachibale ku Chisemphere, ndipo azakhali ananyamuka n'kunena kuti akakhalako mpaka Lamulungu. Chionetsero chinali Loweruka. Basi yawo isanazimiririke n'komwe, ife tinali titasenza kale mtsuko, kabwato ndi mfuti, kulowera kusukulu kudzera m'munda wa fodya kuti anthu asatione.

Tinayesa Lachinayi kuseri kwa kalasi. Tinatsuka mtsuko, kuthiramo madzi a pamjigo, kumata kukamwa ndi dothi lonyowa monga amachitira azakhali, n'kusonkha moto. Aphunzitsi anazungulira zipangizozo kawiri, manja ali kumbuyo.

"Mwaganiza nokha zimenezi?"

"Eya, aphunzitsi," ndinayankha msanga ndisanapereke mpata kwa mnzanga.

"Onani, anyamata inu! Felemu ya njinga! Uku ndiye kuganiza."

Anyamata ena amene ankadziwa bwino mwini wa zipangizozo anawerama, mapewa akugwedezeka, koma panalibe amene anaulula. Tinadikira, tinadikira. Belu linalira, linaliranso. Pomaliza kunabwera dontho limodzi, lina patapita nthawi, mpaka pansi pa kapu pananyowa. Aphunzitsi analawa. Mchere munalibe. Anasangalala, koma anayang'ana wotchi yawo.

"Oweruza sadzaima pano mpaka dzuwa kupendeka. Pezani njira yoti zizifulumira."

Njirayo ndinkaidziwa. Azakhali akamatcheza, madontho sankachedwa chonchi, ankayamba mtsuko usanabwate n'komwe. Ndipo m'nyumba, kuseri kwa thumba la chimanga, munali ndowa ya madeya amene anaviika asananyamuke, akututuma thovu. Ndinamuuza mnzanga. Anafunsa ngati si tchimo. Ndinati tingothiramo pang'ono, kongodzutsa madziwo. Lachisanu madzulo tinatunga chigubu chathunthu, chifukwa pang'ono pathu sitinagwirizane kuti pathere pati.

Loweruka m'mawa bambo a mnzanga ankapita kuboma ndi thirakitala kukatenga feteleza, ndiye anatikweza m'ngolo, ife awiri, aphunzitsi, ndi anyamata awiri a mababu aja. Ine ndinakumbatira mtsuko ulendo wonse. Mfuti tinaikulunga m'chiguduli chomangira mabelo a fodya. Chigubu ndinachikhalira, n'kuchiphimba ndi diresi, poti madiresi a masiku amenewo ankafika kumusi kwenikweni kwa mawondo ndipo ankabisa zambiri. Tinafika kuboma tili ofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze.

Pageti la sukulu yochitikira chionetsero panaima anyamata achipani ovala malaya ofiira, kuona makadi a chipani, chifukwa mlendo wolemekezeka anali tcheyamani wa chipani. Aphunzitsi anaonetsa khadi lawo. Mmodzi wa anyamatawo analoza chiguduli chimene mnzanga ananyamula paphewa.

"M'menemo muli chiyani?"

"Mfuti," anatero mnzanga.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa ananyamula beseni lake n'kusendera kutali. Masiku amenewo mawu ochepera pamenepo ankatha kumusowetsa munthu, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa aphunzitsi kulowa m'kolala.

"Paipi!" anakuwa aphunzitsi. "Ndi paipi, bwana! Mwanayu sadziwa Chichewa!"

Anyamata achipani aja anatula chigudulicho pansi n'kuchifunyulula ndi ndodo, ataima patali. Chitsulo chija chinagubuduzika. Wamkulu wa anyamatawo anachitola, anasuzumira kubowo, kenako anachinunkhiza. Anayang'ana mtsuko umene ndinanyamula, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti akulimbana ndi milomo yake.

"Lowani," anatero. "Koma ikayamba kuwomba mutiitane."

Aphunzitsi sanamve tanthauzo lake. Anangotikankhira m'kati, akumunong'oneza mnzanga kuti akatsegulanso pakamwa lero abwerera wapansi.

M'holo munali zinthu zambiri. Ena anapanga belu lolira ndi batire, ena kanyumba kosonyeza momwe utsi umayendera m'balani yowotchera fodya, ena sopo waphulusa. Ife, chifukwa cha moto, anatiika panja patsinde pa mtengo wa mango, ndipo zimenezi zinatikomera. Aphunzitsi atalowa kukathandiza anyamata awo, tinathira mumtsuko madzi a pamjigo amene tinabwera nawo kufika theka, chigubu chija chonse pamwamba pake, n'kumata.

Mwambo unayamba ndi nyimbo ya fuko, kenako zolankhula. Tinkamvera pawindo. A tcheyamani, bambo wonenepa wa suti yabulawuni ndi baji pachifuwa, analankhula nthawi yaitali. Anayamika mtsogoleri wa dziko, anayamika mvula, kenako anatembenukira kwa alimi a fodya amene akagulitsa mabelo amathera kumowa. Anati kachasu ndi mdani wa chitukuko, ndipo aliyense wodziwa kumene akutchezedwa akanene. Anthu anawomba m'manja. Nthawi yomweyo, kumapeto kwa mfuti yathu, dontho loyamba linagwera m'kapu, lachiwiri pompo, lachitatu. Sizinkadonthanso, zinkachita kuyenderera.

"Zatheka!" anatero mnzanga akudumpha.

Zinathekadi, koma fungo linali litayamba kuzungulira mtengo wa mango. Alonda awiri a pasukulupo anabwera kudzaima chapafupi, akungoyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mango.

Oweruza anatipeza chakumasana. Anali awiri: bambo woyendera masukulu wonyamula fayilo, ndi asisitere achikulire ophunzitsa sayansi kusekondale ina yamishoni. A tcheyamani ankayenda nawo, ndipo aphunzitsi athu ankatsatira pambuyo, nkhope ikuwala.

Ndinafotokoza monga tinaloweza. Madzi amchere akatenthedwa amasanduka nthunzi, mchere umatsala, nthunzi ikazizira m'paipi imabwereranso kukhala madzi abwino akumwa.

"Akumwa?" anafunsa a tcheyamani.

"Akumwa, bwana," anayankha aphunzitsi monyadira. "Ndinalawa ndekha Lachinayi. Talawani."

Anatenga kapu pansi pa mfuti ndi manja awiri n'kuipereka. A tcheyamani anaifikitsa pamphuno n'kuima pang'ono. Anamwa. Anatsinzina, anakhosomola kamodzi, misozi inalengeza. Ndinaona kuti adziwa, ndipo nawonso anaona kuti ndaona. Koma akanati chiyani? Munthu amene wangotukwana kachasu pamaso pa boma lonse akanamudziwa bwanji pongolawa kamodzi?

"Mchere mulibe," anatero pomaliza, mawu atasasa. "Koma ndilawenso, nditsimikize."

Analawanso. Bambo wa fayilo uja naye anapempha, anamwa, n'kuyamba kulemba zinthu zambiri osakweza mutu. A tcheyamani anatsimikiza kachitatu.

Asisitere sanalawe. Anagwira mtsuko ndi kuseri kwa dzanja, anatchera khutu pafupi, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwana wanga, mtsukowu sunabwate. Nanga madonthowa akuchokera kuti?"

Ndinayang'ana mnzanga. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anali atatseka pakamwa. Ndinaganiza zonama, koma maso a asisitere sanali oti n'kuwanamiza.

"Muli zinthu ziwiri, asisitere," ndinatero motsitsa. "China chimasanduka nthunzi msanga kuposa madzi. Ndiye chimayamba kutuluka ndi chimenecho, madzi amatsatira pambuyo."

"Ukapitiriza kusonkha moto?"

"Zimanka zisukuluka. Zoyamba ndiye zaukali."

"Madzi a m'kabwatomu akafunda?"

"Nthunzi imangodutsa osasanduka madontho. Mpofunika kusintha pafupipafupi."

"Wawerenga m'buku liti zimenezi?"

"Ndimangoona, asisitere."

Anagwedeza mutu, n'kunena kwa bambo wa fayilo kuti tsiku lonse aka kanali koyamba kumva mwana akuyankha zimene akudziwa osati zimene waloweza. Kenako anawerama n'kundinong'oneza kuti ndizimitse moto msanga ndi kutaya zonsezo kuseri kwa mpanda.

Aphunzitsi anali atayamba kukayika. Oweruza atachoka anatola kapu ija, anainunkhiza, n'kuviikamo nsonga ya lilime. Analavula ngati alumidwa ndi nyerere. Anayang'ana mtsuko, kabwato, chitsulo, ndipo ndinaona zonse zikulumikizana m'mutu mwawo chimodzichimodzi mpaka kukafika pageti paja.

"Mfuti," anatero okha, mofooka.

Tinapata nambala yachiwiri. A belu la batire ndiwo anapambana. Anatipatsa aliyense kabokosi kachitsulo ka kampasi ndi rula, ndipo a tcheyamani potipatsa anatigwira chanza kwa nthawi yaitali, akunena kuti dziko likufuna atsikana otere. Aphunzitsi anaitanidwanso kutsogolo kukawomberedwa m'manja. Anapita ngati munthu wopita kukachotsa dzino.

Pobwerera, titakhala pamatumba a feteleza, sanatilankhule mpaka tinadutsa minda yonse ya esiteti. Potsika ndi pamene anati Lolemba tibwere ndi makasu ndi nkhwangwa, pali chitsa cha mtengo kuseri kwa ofesi chimene chakhala chikudikira asayansi. Chitsacho chinatitengera masiku anayi. Satifiketi yathu anaikhoma muofesi, koma aliyense akafunsa kuti anawo anapanga chiyani, ankangoti zamadzi.

Kunyumba ndinapeza chitseko chili chotsegula. Azakhali anali atabwera tsiku limodzi msanga, atakhala pakhonde, mpango wakumaliro ukadali kumutu. Anandiyang'ana ndikutula mtsuko, kabwato, ndi mfuti. Anadzuka, anagogoda mtsuko ndi chala kumvera ngati wang'aluka, anasuzumira mu mfuti. Kenako anati ndifotokoze, ndipo ndinafotokoza zonse, ndili chiimire patali poti dzanja lawo silingafike.

"Anamwa ndani?"

"A tcheyamani a kuboma."

"A tcheyamani." Anakhalanso pansi pakhonde. "Anati bwanji?"

"Analawa katatu."

"Watchula dzina langa?"

"Ayi, azakhali."

Ndinaganiza kuti zatha bwino. Koma analowa m'nyumba, anavundukula ndowa ija, ndipo anatuluka nkhope itasintha.

"Madeya awa anali asanapse! Anatsala masiku awiri! Ndiye wasakaniza ndi madzi a pamjigo, n'kukapatsa munthu wamkulu ngati ameneyo? Anthu akamva kuti zinachokera m'nyumba muno adzati ndayamba kutcheza zotani?"

Anandithamangitsa ndi chikuni kuzungulira nkhokwe kawiri, koma anali atatopa ndi ulendo ndipo anakhala pansi akupuma mwabefu. Chilango changa chinali kutola nkhuni mwezi wathunthu, ndekha, kutchire la kuseri kwa esiteti. Kabokosi kaja anakatsegula, anatulutsa kampasi, anayesa nsonga yake pachala, n'kunena kuti iyi ikhala yawo yotumbulira minga.