Ndinakafunsa kumtundu za kugwa mumpapaya

Chaka chimene ndinagwa mumpapaya, fodya wanga anachita bwino zedi. Tsamba limodzi tinkafunda anthu awiri, ine ndi mayi akunyumba, Mulungu mboni. Kufunda kokhako, poti kuchipinda ntchito ina inali itaima.

Ndinali nditamwa mankhwala otalikitsa moyo kwa zaka ndithu. Anzanga osoka nawo fodya m'chigafa anagamula msanga: "Achimwene, kachilombo kanadya mizu, mapilitsi akumaliza thunthu. Asiyeni muone." Gondolosi ndinatafuna wodzaza ngolo, sindikuwonjezera. Chinalimba ndi nsagwada.

Kuchipatala adokotala anati zoterezi magwero ake ndi ambiri: nkhawa, shuga, kuthamanga kwa magazi, chingambwe ndimasutacho. "Kachilombo kokha sitingakaloze chala, bambo. Mankhwala musasiye. Kumtundu kwanu kulibe wina?"

Ndinatuluka nditaweruza ndekha: ngati kumtundu kulibe, olakwa ndi mapilitsi, ndiwataya. Ndipo ndinkadziwa kuti kulibe. Malemu bambo anga anabereka ana oti tikalowa m'tchalitchi, ena ankapempherera panja.

Komabe ndinapalasa njinga kupita ku Simlemba kwa atsibweni, alongo awo a mayi. Ndinawapeza akusankha fodya.

"Atsibweni, kodi bambo anagwapo mumpapaya?"

Sanadzutse mutu. "Alamu anga aja? Munthu wa khasu, wopemphera. Kugwa sanagwe ayi. Anabadwira pansi pake."

"Nanga ife tonsefe?"

"Mphwanga, wamera imvi osadziwa? Tinkalowetsa fisi, mwamuna wobwereka woti abereke m'malo mwa mwini nyumba."

"Ndani ameneyo?"

"Uti? Anali matenanti a pa esiteti. Fodya akagulitsidwa, ankakwera lole kubwerera kwawo kum'mwera. Sunaone kuti kwanu mphuno simufanana?"

Pobwerera njinga ndinachita kukankha. Umboni wanga unali utabalalika m'maboma onse a kum'mwera, ndipo ine mphamvu zoyendera khomo ndi khomo, kufunsa nkhalamba za kuchipinda kwawo, ndilibe.

Mayi akunyumba anamva zonse akupeta chimanga, osaseka.

"Ndiye mwaganiza bwanji?"

"Mlandu wasowa mboni."

"Bambo, zinazo ndapirira, ndipo tulo ndikugona tokwanira. Koma mukasiya mapilitsi, fodya yense uyu ndisoka ndi ndani? Maliro anu ine sindikuwafuna."

Anandipatsa kapu ya madzi. Ndinameza mapilitsi aja. Mpaka lero ndimameza, wolakwa sindinamupeze, ndipo kufufuza ndinatopa nako.