Njoka ya m'Chitini cha Maswiti

Fungo la mkati mwa bokosi lachitsulo la atate ndimalimvabe. Linali fungo la sopo wofiira, fodya wa m'mapaketi ndi bulangete latsopano, ndipo pansi pa zonsezo panali kafungo kena kozizira ngati ka mwala wonyowa, kamene ine ndinkati ndiko kununkhira kwa ku Joni. Atate anabwera nalo bokosilo m'nyengo yachisanu, chimanga chili kale m'nkhokwe. Nkhungu inkagona paphiri la Mphunzi mpaka dzuwa litakwera, ndipo ife ana tinkayenda milomo ili yong'aluka, miyendo yotuwa ngati tagwa m'phulusa. Pamene ankapita kumigodi ine ndinali ndikuyamwa. Pobwera anandipeza ndili Sitandade wani kusukulu ya mishoni. Munthu wamtali, wowonda, wachipewa chofiirira, amene anatsika ndi njira yochokera ku Chimbiya atasenza bokosi, ndinachita kuuzidwa ndi amayi kuti ndiye atate anga.

Mudzi wathu unali wa kuchikazi. Munda unali wa agogo Nachisale, amayi awo a amayi anga. Malo amene panali nyumba yathu anali a agogo. Ngakhale mtengo wa mapichesi umene atate anabzala asanapite, wogawa zipatso zake anali agogo. Atate anali mkamwini, munthu wongobwera kudzakwatira, kwao kuseri kwa Linthipe. Ndiye mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, salankhulana. Akakumana panjira, atate ankapatukira m'tchire, lingakhale la chitedze, chipewa chili kumanja, mpaka agogo atadutsa. Mawu onse ankadzera mwa amayi kapena mwa atsibweni anga a Fabiano, mlongo wawo wa amayi. Kwa a Fabiano okha ndi kumene atate ankamasuka, poti munthu ndi mlamu wake amanyozana, amaseleulana, popanda mlandu.

Bokosi la munthu wochokera ku ulendo silinkatsegulidwa mwachisawawa. Linayenera kudikira tsiku loti abale onse asonkhane, ndipo agogo analamula kuti tidikire achemwali awo amene anali kumaliro kutali. Choncho bokosi linangokhala pakona, loko ali lende, ndipo azimayi obwera kudzalonjera ankalankhula ndi amayi maso ali pabokosipo. Koma m'mawa wina, amayi atapita kudimba kukathirira kabichi, atate analitsegula pang'ono, n'kusolola buku, n'kundikodola.

Tinakakhala kuseri kwa khola, pamene dzuwa linkayambira kugunda ndipo mphepo sinkafika. Bukulo linali lachikuto chachikasu, masamba ake osalala ngati tsamba la nthochi lanthete. Munalibe masamu, munalibe oyera mtima. Munali zithunzi zokhazokha za mkulu wina wachizungu, wamimba ngati mtsuko, wandevu zopindikira m'mwamba, amene tsoka linkamutsata tsamba ndi tsamba. Apa mphepo yamulanda chipewa, apa mbuzi yamugwira buluku, apa wakhala pampando wopakidwa utoto, apa wagwera m'mgolo miyendo yokha ikuoneka. Pansi pa chithunzi chilichonse panali mawu a Chizungu. Zilembo ndinkazidziwa, koma ndikaziphatikiza sizinkatulutsa kanthu. Atate sankadziwa ngakhale chilembo chimodzi, koma zimenezo sizinawaletse kuwerenga.

"Uyu ndi a Fabiano," anatero akuloza ndi chala chokhala ndi chipsera, "tsiku limene nkhumba inawathamangitsa kuchokera kumowa. Apa akuti, 'Pepani amfumu, sindinadziwe kuti ndi inu.'"

Ndinaseka mpaka kugubuduka m'ndowe zouma. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu tinkabwerera kuseri kwa kholako, ndipo mkulu wamimba uja ankasintha dzina. Lero ndi kapitawo wa kumgodi, mawa ndi msilikali wa kwa bwanamkubwa, mkuja ndi atate eni ake tsiku loyamba kukwera sitima. Atate akaseka kwambiri, kusekako kunkathera m'chifuwa, chifuwa chouma chochokera pansi ngati wina akuwaza nkhuni mkati mwawo. Ankatembenuka, kulavula, kukwirira ndi phazi, n'kutsegula tsamba lina. Ine ndinali ndisanakhalepo ndi munthu wamkulu woti n'kuseka naye. Kwathu akuluakulu ankatuma ndi kukalipa basi. M'masiku amenewo ndinayamba kuthamanga pochokera kusukulu, kuopa kuti mwina ndikapeza apitanso.

Tsiku lina anandionetsanso kachitini kozungulira, kojambulidwa maswiti amitundumitundu. Atakagwedeza kanalira ngati muli maswiti enieni. Ndinatambasula dzanja, iwo n'kukabweza.

"Aka usakakhudze, Sitefano. N'ka alamu anga. Tsiku limene ndinkadzafunsira mayi ako anandiikira chule m'chipewa, anthu onse akuona. Chaka chino tiona amene aseke."

Bokosi linatsegulidwa Lamulungu lina titabwera ku Misa. Mphasa zinayalidwa pabwalo la agogo, ndipo agogo anakhala pakati, achemwali awo pambali, azimayi ena mozungulira. Amuna anakhala chapatali pamipando. Atate anakhala kwaokha m'mbali mwa nkhokwe, atatembenuka cham'mbali kuti nkhope yawo isaloze kwa apongozi, bokosi lili pakati pa miyendo. Ankatulutsa chinthu n'kupatsa amayi, amayi n'kuyenda chogwada kukachipereka kwa mwini wake. Linatuluka bulangete la agogo. Inatuluka nsalu ya amayi, mipango iwiri, mitanda ya sopo, mchere, kagalasi koyang'anira. Kenaka dzanja la atate linayamba kugunda pansi pa bokosi, ndipo aliyense anamva kulira kwa chitsulo. Katundu anali yemweyo basi. Mayi wina anatsokomola n'kunena, ngati akulankhula ndi nkhuku, kuti mkamwini wa kwa a Lazalo anabwera ndi njinga komanso makina osokera.

Pamenepo m'pamene atate anatulutsa kachitini kaja, nkhope ikumwetulira, n'kunong'oneza amayi kuti n'ka alamu. Amayi anakapereka kwa a Fabiano. A Fabiano anakagwedeza pafupi ndi khutu, n'kuseka, n'kuyamba kugwira chivindikiro. Koma agogo anali atamva kulira kwake.

"Kodi zotsekemera zinayamba liti kuyambira kwa ana, akulu ali pompano?"

A Fabiano ananyamuka, n'kugwada, n'kukaika m'manja mwa amayi awo.

Ndinaona atate akuimirira. Chipewa chimene chinali pamwendo chinagwa, anachitola. Pakamwa panatseguka. "Alamu," anaitana ndi mawu apansi, "alamu, tabwerani kaye." A Fabiano anangokweza dzanja osacheuka: "Khalani pansi, alamu, tilawa tonse." Kuchokera pankhokwe kufika pamphasa panali pafupi, poti n'kulavula malovu n'kufika. Koma mkamwini saponda mphasa imene pakhala apongozi, mkamwini safuulira apongozi, mkamwini salanda chinthu m'manja mwa apongozi. Atate anaima pomwepo, phazi limodzi lili kutsogolo, ngati munthu amene wamangidwa chingwe m'chiuno.

Agogo anapotokola chivindikiro. Chinthu chobiriwira chamawangamawanga chinalumpha m'chitinimo, chachitali kuposa mkono, n'kuwagunda pamphuno. Anakuwa mawu amene sindinawamveponso, n'kugwa chagada, miyendo m'mwamba, chirundu n'kumasuka. Azimayi anabalalika akulira mayo, ena akugwerana, mwamuna wina n'kuyamba kumenya njokayo ndi mpando. Achemwali awo a agogo ndiwo anakumbuka kuwaponyera bulangete latsopano lija kuti awafunditse. Atate anaphimba nkhope ndi chipewa chawo kuti asaone thupi la apongozi. Madzulo a tsiku lomwelo mudzi wonse unali utagwirizana kuti anaphimba nkhope pobisa kuseka.

Njokayo inali nsalu yosokedwa pa waya wopiringiza. Aphunzitsi a katekisimu anabwera mawa lake, n'kuitola, n'kuikanikizira m'chitini, n'kuitulutsanso pamaso pa anthu kuti aone kuti n'choseweretsa cha m'sitolo. Anyamata ena anayamba kuseka, koma a Fabiano atawayang'ana anameza kusekako. Agogo anagona m'nyumba, chitseko chotseka, akudandaula kuti mtima ukudumpha, kuti njoka yatumidwa kuchokera ku Joni kudzawatha kuti munda utsale m'manja mwa mlendo. Atate anatumiza nkhuku yoyera yopepesera. Inabwezedwa miyendo ikali yomanga. Anatumiza mbuzi imene anakapempha kwa abale awo. Mbuziyo sinabwezedwe, koma chitseko cha agogo sichinatseguke.

Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi mwezi wa mphepo utayamba. Atate anafotokoza za chule wa m'chipewa, n'kutembenukira kwa alamu awo kuti awavomereze. A Fabiano, munthu amene akanagubuduka ndi kuseka njokayo ikanalumphira iwo, anayang'ana zala zawo zakumapazi n'kunena kuti iwo za chule sakuzikumbuka, ndipo chibwana cha ku Joni sachidziwa. Wina anaponyapo mwambi woti mkamwini asamakule mwendo. Amayi anakhala chogwada, mpango uli kukamwa. Popeza ukwati unali wa m'tchalitchi, mawu oti kusudzula palibe anawatchula. Anangoti atate akayambe apumula kwao mpaka mtima wa agogo utatsika.

Ananyamuka m'mawa, fumbi likuuluka, mapiri ali akuda ndi lupsa. Bokosi anasenza lomwe lija, tsopano lopepuka moti mphepo inkaligwedeza pamutu. Ndinawatsatira mpaka kumtsinje. Pokwera mtunda ankaima kawirikawiri, dzanja lili pachifuwa, ndipo ine ndinkanamizira kuzula minga kuphazi kuti asaone kuti ndikuwadikira. Titafika pamiyala yowolokera anatula bokosi.

"Bwerera, Sitefano. Mwana ndi wa kuchikazi, ukudziwa." Anandigwira pamutu. "Buku lija ndakusiyira padenga. Ukadziwa Chizungu ubwere udzandiuze zimene mkulu uja amanena. Mwina ndakhala ndikumunamizira."

Bukulo ndinkalibisa m'udzu wa padenga, ndipo kusukulu ndinayamba kumvetsera ngati munthu wanjala. Mawu ochepa ndinali nditayamba kuwagwira: chipewa, mbuzi, kuthamanga. Tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza a Fabiano atakhala pakhonde pathu, akupichira fodya. Pepala limene ankanyambita linali losalala, ndipo ndinaonapo theka la mimba ya mkulu uja ndi mwendo wa mbuzi. Buku linali pambali pawo, masamba ambiri atathothoka kale. Anandiuza kuti pepala la Azungu limayaka bwino, siliwawa kukhosi.

Anthu amati ndine wamtima wapachala, ndipo sindikana. Ndinatola chikuni pamoto n'kuwagenda nacho. Chinawapeza pamwamba pa diso, ndipo chipseracho ali nacho mpaka lero; ndikakumana nawo ndimachiyang'ana ndisanawapatse moni. Anandimenya mpaka amayi anadzagona pamwamba panga. Mawa lake a Fabiano anandiuza kuti sukulu ikundiphunzitsa mwano wa atate anga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga ndi ng'ombe zawo. Sileti yanga inapatsidwa kwa mwana wawo. Sindinalowenso m'kalasi.

Mtima wa agogo unatsika msanga. Pofika nthawi yogalauza anali atayamba kale kupita kumunda, khasu paphewa, bulangete la ku Joni lili pamapewa m'mawa kukazizira. Za kuitana atate palibe anazikumbutsa. Mvula yoyamba itagwa, ngumbi zikuuluka, kunabwera munthu wapanjinga kuchokera ku Linthipe kudzanena kuti atate anamwalira ndi chifuwa, ndipo anaikidwa kale. Amayi analira kuseri kwa nyumba mwakachetechete kuti agogo asamve. Ine ndinali kubusa. Ndinauzidwa madzulo, ng'ombe zitalowa m'khola, poti akanandiuza masana bwenzi zitalowa m'munda wa eni.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti kachitini ndi kamene kanandilanda atate. Ndinkati agogo akanapanda kumva kulira kwake, kapena a Fabiano akanatsegula msanga, bwenzi tonse titaseka, atate ali pakhomo mpaka lero. Ndinkawakwiyiranso atatewo kuti analekeranji kufuula. Tsopano ndimasenza matumba a mbatata ya kachewere pa Chimbiya, ndipo ndaona amuna ambiri akutsika malole kuchokera kumigodi, ena ndi njinga, ena ndi chifuwa. Ndaona kuti mkamwini wobwera ndi njinga akhoza kuponda mphasa ya apongozi ndi nsapato, anthu n'kumati ndi chizungu cha kutauni. Mlandu wa atate unagamulidwa pamene dzanja lawo linagunda pansi pa bokosi, kachitini kasanatuluke. Munthu wosatha kukwera mtunda sangagwire khasu, ndipo mudzi wa kuchikazi sudyetsa mkamwini wosalima. Pabwalo lonse lija, munthu mmodzi yekha ndiye anasunga mwambo mpaka mapeto, ataima pankhokwe mawu ali pakamwa. Sindikudziwabe ngati ndiziwalemekeza chifukwa cha zimenezo kapena ndipitirize kuwakwiyira.