Injini Inali Kumbuyo

Amuna anga amandiseka chifukwa ndikamva kulira kwa galimoto yachilendo ndimasiya mbale m'madzi n'kuthamangira panja. Sindikunena magalimoto a masiku ano ofanana ngati zidutswa za sopo. Ndikunena akalekale, amene amangotulukira m'misewu ya m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo ngati anaiwala kufa. Bambo anga anali makaniko pa galaja ya esiteti, ndiye ine ndinakulira pakati pa masipanala. Ku koleji ndinatenga setifiketi ya ntchito za mu ofesi, ntchitoyo sindinaipeze, koma khutu lomvera injini ndinatsala nalo.

Pali chilole china cha mphuno yaitali chimene chimatuta nkhuni za bulugamu kupita ku fakitale, zitseko zake amachita kumanga ndi waya. Galimoto ina, ya matabwa m'mbali, ndinangoiona kamodzi ku Thekerani itanyamula mbuzi za pa ukwati. Koma kamene kananditenga mtima kanali kagalimoto kobiriwira, kamsana wozungulira ngati kamba, nyale zake zotuzuka. Pokwera chitunda kankalira ngati makina osokera. Eni ake anali bambo achikulire, aphunzitsi opuma ntchito ochokera kumpoto, amene anali atangobwera kudzakhala ndi mwana wawo, mmodzi wa mamanijala. Sitinkadziwana. Ndinkangonyamula mwana wanga wamkazi pakhonde n'kumulozera, iwo n'kuliza hutala.

Chinali chaka chija kunabuka mphekesera za anamapopa. Ankati kukubwera alendo ndi mapaipi kudzapopa magazi a anthu ali m'tulo. Achinyamata anayamba kutseka misewu ndi mitengo, kusecha galimoto iliyonse imene sakuidziwa. Ine pamaso pa anthu ndinkatsutsa, poti ndine wophunzira. Koma ndine munthu wamantha, ndipo chibadwire mwanayu mantha anga alibenso malire. Akatsokomola, ine ndaganiza kale za maliro.

M'mawa wina mwana anadzuka thupi lili moto. Ndikumupukuta ndi kansalu konyowa anangouma gwa, maso n'kutembenuka. Amuna anga, amene ndi kalaliki woyeza tiyi pa sikelo, anali atapita kale ku munda wakutali, foni yawo osapezeka. Ndinamubereka mwanayo n'kuthamangira ku msewu, opanda ngakhale nsapato. Kunali chifunga. Ndinamva makina osokera aja asanaoneke, ndipo ndinaima pakati penipeni pa msewu.

Kagalimoto kanaima, abambo aja anasuzumira pawindo. "Mayi, kwagwanji?"

"Mwana, bambo. Ku chipatala, ku Makwasa. Chonde."

"Lowani. Chitsekocho mukoke ndi mphamvu, ndi nkhalamba inzanga imeneyi."

Ndinakhala kutsogolo, mwana ndamutembenuzira pachifuwa. M'katimo munkanunkha petulo ndi chikopa chakale. Ndichita manyazi kunena, koma mwana ali lefu chonchi maso anga anaonabe chiwongolero chopyapyala choyera ngati fupa, ndipo mtima wina unati, lero ndakakwera.

Pamene tiyi amathera n'kuyamba minda ya chimanga pali kamlatho. Pamenepo anali atapingasa chipika cha bulugamu. Anyamata anatuluka m'chifunga ndi zikwanje ndi mipini ya makasu. Wowatsogolera anali wamtali, atavala majombo, wenzulo ili m'khosi.

"Madala, zimitsani. Titsegulireni kutsogoloku tione."

"Ana anga, ndanyamula wodwala."

"Wamudwalitsa ndani?" anafunsa wamajomboyo, anzake n'kuseka.

Abambo aja anatuluka, anakonza jekete lawo, anatsegula boneti. Ine ndinkadziwa chimene anyamatawo akaone, koma sindinaganize kuti n'choopsa. Magalimoto a mtundu umenewu injini yake imakhala kumbuyo. Kutsogolo ndi kosungira katundu basi. Munali tayala la sipeya, chigubu, paipi yopopera petulo poti mafuta ankavuta masiku amenewo, ndi botolo la oyilo wofiira.

Anyamatawo anasuzumira m'katimo. Kenako mmodzi anati, motsitsa mawu, "Ilibe injini."

"Nanga ikuyendera chiyani?"

Wamajombo uja ananyamula paipi ndi nsonga ya chikwanje, ngati njoka. Wina anakweza botolo lija kuti onse alione. Wenzulo inalira, ndipo anthu anayamba kutsika m'minda mbali zonse, ena madengu a tiyi akadali kumsana.

Mwala woyamba unaboola galasi la kutsogolo. Magalasi anandiwaza kumaso, ena anagwera pa chitenje cha mwana. Ndinaona abambo aja akukweza manja kuti afotokoze, mpini n'kuwapeza pakamwa. Magalasi awo a m'maso anauluka. Anagwa ndi mawondo, magazi akutsika pa malaya oyera, ndipo chifukwa cha mantha anayamba kupepesa m'Chitumbuka.

"Mwachimva chiyankhulocho? Si wakuno uyu!"

Anawakwenya pa jekete n'kuwakokera m'ngalande. Phokoso la mpini pa thupi la munthu sindidzaliiwala. Silikhala lalikulu. Limamveka ngati akupuntha thumba la chimanga chonyowa.

Ndinatuluka ndikukuwa. "Injini ili kumbuyo! Tsegulani kumbuyoko muone! Ndi mmene anaipangira!"

Mnyamata wina anapitadi, anakanula chitseko chakumbuyo ndi chikwanje, anapisa dzanja. Injini inali yotentha, inamuwotcha. Anadumpha akutukwana.

"Ndiye aibisiranji kumbuyo? Kutsogoloku n'kwa ma katundu awo!"

Apa ndipo anandiona bwinobwino. Mayi wina amene sindimudziwa anandiloza. "Ameneyu ndiye amawalozera nyumba." Wamajombo uja anagwira chitenje n'kuchikoka, mutu wa mwana unagwera kumbuyo. Anamutambasula kadzanja.

"Taonani mmene wayerera. Amupopa kale uyu. Bweretsa mwanayo kuno, wamuba kuti?"

"Ndi wanga!"

Anandimenya mbama, khutu linatseka. Anagwira mwana m'khwapa n'kuyamba kukoka, ine ndagwira miyendo. Ndinamva kathupi kake kakutanuka pakati pathu. Ndinamuluma pamkono munthu ameneyo, ndinaluma mpaka ndinamva mchere m'kamwa, ndipo sindinasiye ngakhale ankandikhoma zibakera pamutu. Sindinamenyepo munthu chibadwire, koma tsiku limenelo ndikanakhala ndi chikwanje ndikanamutema.

Amene anandichotsa anali mayi ena othyola tiyi, oyandikana nafe nyumba, amene timatunga madzi pa mjigo umodzi. Analowa pakati ndi dengu lawo, akukalipa m'Chilomwe, akumutchula wamajomboyo ndi dzina la mayi ake.

"Iwe, wapenga? Uyu ndi mkazi wa akalaliki a pa sikelo! Mwana wa amakaniko aja! Mwanayu ndinamusambitsa ine atabadwa. Ndi malungo awa, zitsiru inu!"

Anamusiya mwana. Mayiwo anandikankhira m'mizere ya tiyi.

"Thamangani. Mudutse munda uwu, mukapeza msewu wa thirakitala."

"Nanga abambowo?"

"Abambowo ndilimbana nawo ine. Inu muli ndi manja angati? Tiyeni!"

Tiyi ukamuona patali amaoneka wofewa ngati bulangeti. M'kati mwake ndi zitsa zokhazokha. Anandikala m'ntchafu, mame anandinyowetsa mpaka m'chiuno. Ndinkathamanga ndikuika khutu pa mphuno ya mwana, kenako kuthamanganso. Kumbuyo kunamveka kuphulika, anthu n'kukuwa ngati kwalowa chigoli. Nditacheuka ndinaona utsi wakuda ukukwera m'chifunga.

Pa msewu wa thirakitala ndinapeza wa kabaza wa njinga yamoto. Anayang'ana nkhope yanga, magazi ali pachibwano, ena anga, ena a munthu uja. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Mugwire zolimba, msewu uno ndi woterera."

Ku chipatala anatilowetsa osaima pamzere. Anesi anamugoneka mwana, anatulutsa kasingano ndi kachubu kagalasi, n'kugwira chala chake. Ine ndinalanda dzanjalo n'kulifumbata m'dzanja langa. Sindinaganize, zinangochitika. Ine yemwe ndinali nditangoona zimene mphekesera zija zimachita, ndinaona kachubu kopopera magazi ndipo thupi lonse linakana.

Anesiwo anandiyang'ana, otopa. "Mayi, inunso?"

Ndinapitiriza kufumbata kadzanjako.

"Ndi kadontho kamodzi. Ndikapanda kuyeza, ndimupatsa mankhwala a chiyani? Alibe nthawi mwanayu."

Zala zanga ndinachita kuzitsegula ndi dzanja linalo. Anabaya. Magazi anatuluka otuwa ngati madzi otsukira nyama. Anali malungo, ndipo anati magazi amuthera, afunika kumuwonjezera.

Masana amuna anga anafika akupuma mothamanga, ndipo ndi iwo amene anandiuza za abambo aja. Mayi othyola tiyi aja anawagonera pamwamba mpaka alonda a esiteti anafika ndi thirakitala. Anali m'chipatala momwemo, mbali ya amuna, nsagwada yothyoka, diso limodzi lophulika, koma amoyo. Kagalimoto kaja kanatsala chigoba pa mlatho.

Anabweretsa thumba la magazi n'kulipachika pa chitsulo pambali pa bedi. Ndinaona magazi a munthu amene sindidzamudziwa akutsika pang'onopang'ono m'kapaipi, kulowa m'kadzanja ka mwana wanga. Amuna anga anati ndikasambe kumaso, ndinakana. Dzuwa litapendeka milomo yake inayamba kufiira. Anatsegula maso, anaona kapaipi, anakwiya, n'kuyamba kukakoka akulira. Ndinamugwira dzanjalo kuti asazule, ndipo ndi linalo ndinamasula bulauzi, chifukwa anali atayamba kufunafuna bere.