Madzi a M'khola la Akaidi

Tinali m'kalasi ku Angonia, tsidya la malire a Dedza. Aphunzitsi ankalemba masamu pabolodi. Mfuti yoyamba italira, choko chinathyoka m'manja mwawo. Ndinali mtsikana wamanyazi, wosakweza mkono ngakhale yankho ndikulidziwa.

Anthu a mfuti anatitenga atsikanafe n'kutisenzetsa matumba a chimanga mpaka kumsasa wawo m'phiri. Nsapato yanga imodzi inatsala m'matope.

Kumsasako kunali khola la mitengo lopanda denga. Ankasungamo asilikali a boma ogwidwa pankhondo. Anawavula malaya ndi nsapato. Ankawamanga awiriawiri ndi luzi, ndipo luzilo linkadya khungu. Mvula ikamagwa, ankayang'ana kumwamba atayasama.

Ntchito yanga inali yowapatsa madzi. Lamulo linali lakuti ndizithira m'phale n'kulikankha ndi phazi. Aliyense wopezeka kuti ali ndi m'bale wake m'kholamo ankamutengera kuseri kwa thanthwe pamodzi ndi m'bale wakeyo. Sankabwerako.

Tsiku lina anabweretsa akaidi atsopano. Mmodzi anali achimwene anga, a Fabiano. Diso lawo lakumanzere linali litatupa mpaka kutsekeka.

Kwathu mtsikana sapereka madzi kwa mlongo wake wamkulu ali chiimire. Sindinaganize n'komwe. Mawondo anapinda okha, ndipo ndinanyamula phale ndi manja awiri.

Mlonda wa kholalo anasiya kutafuna nzimbe.

"Iwe, ukugwadira ndani? Ndi apongozi ako amenewa?"

Anzake anaseka. Iye sanaseke.

Achimwene anamenya phalelo ndi chigongono. Madzi ananditayikira padiresi.

"Choka apa, kagalu ka zigawenga iwe! Madzi ako sindimwa."

Analavula pafupi ndi mapazi anga. Mlonda uja anawamenya ndi mfuti pamsana mpaka anatopa. Za ine anaiwala.

Kuyambira tsikulo, ndikafika ndi madzi achimwene ankatembenuka kuyang'ana kumitengo. Milomo yawo inang'ambika.

Nkhondo inafika pamsasa m'mawa wina, ine ndili kumtsinje. Ndinaona utsi ukukwera cha kukhola. Ndinasiya ndowa isanadzaze. Ndinathamanga m'minda ya kachewere, kenako ndinayenda, kenako ndinakwawa. Pamsewu wa phula, mayi wina wogulitsa tomato anandifunditsa chitenje. Anati ndafika ku Malawi.

Lero ndimakhala ku Kawale, m'nyumba ya lendi pafupi ndi msika. Ana anga anabadwira konkuno. Amalume awo sawadziwa, ndipo manda awo palibe amene angatilozere.

Amayi ndinawapeza amoyo, kumsasa wa othawa nkhondo ku Dedza. Anandisambitsa kaye. Kenako anandifunsa ngati achimwene ndinawaona, ndiponso ngati anandiyankhula. Ndinawauza mawu onse, monga momwe anatulukira.

Anapitiriza kundipukuta kumapazi.

"Ndi mwana wanga ameneyo," anatero.